Ku Madisi Nyengo ya Manachesi

Msewu wa M1 ukatuluka mu Lilongwe kulowera kumpoto suchedwa kuiwala za mzinda. Mukadutsa Kanengo ndi nyumba zake zikuluzikulu zogulitsiramo fodya, mukadutsanso Lumbadzi ndi mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu, dziko limayamba kutambasuka. Kudzanja lamanja mapiri a Dowa amaoneka patali, otuwa ngati utsi wa m'mawa. Kumanzere ndi chidikha chokhachokha, minda, madambo ndi midzi ya mitengo ya mango. Pamabwera Mtengowanthenga, kenako Mponela, kenako Madisi, pafupifupi makilomita 80 kuchokera ku likulu. Mukapitirira pang'ono mufika pa mlatho wa Bua, ndipo mukaoloka ndiye kuti mwalowa m'boma la Kasungu.

Apaulendo ambiri amaidziwa Madisi kudzera pa zenera la basi. Ife tinatsika, ndipo tinakhalako masiku anayi mwezi wa Juni, m'dera la mfumu yaikulu Chakhaza. Nyengo imeneyi minda yakololedwa, mbuzi ndi ng'ombe zatayiriridwa m'mapesi, zigafa zatsala pululu chifukwa fodya anapita kale ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. M'mawa kumazizira mpaka zala kukana kumanga mabatani a malaya, masana mphepo ya mwera imanyamula fumbi n'kulithira m'maso. M'mbali mwa msewu mavenda apachika masikelo awo pa mitengo itatu, ndipo njinga zikubwera motsatizana ndi matumba a soya, mtedza, nyemba ndi chimanga. Iyi ndi miyezi imene mlimi wa ku Dowa amakhala ndi kandalama m'thumba, ndipo msika umadziwa zimenezo. Malata, mapoto, kaunjika, mawailesi a sola, zonse zayalidwa.

Pakati pa fumbi lonselo, chinthu chimodzi chimawala: milu ya manachesi pa masaka oyalidwa pansi, ena achikasu chofiirira, ena obiriwira mbali imodzi. Fungo lake limakupezani musanawaone, chifukwa pali ponse pamene munthu waima pali makoko.

"Awa ndi a konkuno, mayi?" tinafunsa mayi wina amene anali kupanga milu itatuitatu.

"Ayi bambo, awa ndi a ku Mwanza. Timakaoda ku Lilongwe. A konkuno alipo, koma ngati mitengo iwiri pakhomo, ana amathera pomwepo."

Anatipatsa banyira mmodzi, n'kutichenjeza kuti tisanyoze obiriwirawo. Ananena zoona. Khungu la manachesi ndi malalanje limasanduka lachikasu usiku ukamazizira, ndipo chipatso chokhwima bwino chingathe kukhalabe chobiriwira kunja chili chotsekemera mkati. Chimene muyenera kuyang'ana ndi kulemera kwake m'dzanja. Wolemera ali ndi madzi, wopepuka ndi wofutukuka khungu nthawi zambiri amakhala atauma mkati. Ndipo musagule owawasa ndi chiyembekezo choti akapsa kunyumba monga zimachitira nthochi kapena mapapaya. Chipatso cha mtundu umenewu chikathyoledwa sichionjezeranso kutsekemera.

Taganizani ulendo umene milu imeneyi yayenda. Mwanza ali kummwera, m'malire ndi Mozambique, pa msewu wa ku Tete. Iye ndi mnansi wake Neno, amene anapatuka kukhala boma palokha mu 2003 ndipo ndi kumene kuli mishoni yathu yakale ya Matandani, ndiwo mankhokwe a manachesi m'dziko muno. Kuchokera kumeneko galimoto imatsikira ku Zalewa, kukwera ku Ntcheu ndi Dedza, kutsitsa katundu mu Lilongwe, kenako dengu limakwera minibasi mpaka pa Madisi. Ndi makilomita oposa 350, ndipo aliyense amene wagwira chipatsocho panjira waikapo phindu lake. Ngakhale dzina lake ndi la paulendo. Ku South Africa amati naartjie, ndipo ife tinalipinda kuti likhale bwino pa lilime lathu. Anthu a chinenero chimenecho si alendo m'boma la Dowa. Mu 1889 abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni pa Mvera, ndipo m'zaka zotsatira amuna ambirimbiri a m'midzi ino ankapita ku migodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi majekete, njinga ndi mawu atsopano. Mtengo weniweniwo kwawo ndi kutali koposa, kummwera kwa China ndi maiko oyandikana nako, ndipo mpaka lero China ndiye amalima manachesi ochuluka kuposa dziko lina lililonse.

Nanga m'kati mwake muli chiyani chimene chingachititse mayi wa pakhomo kupatula ndalama ya sopo n'kugula mulu?

Tikasenda ndi kuyeza magalamu 100 a zamkati, amene ali ngati nachesi mmodzi wamkulu, timapeza kuti magalamu 85 ndi madzi. Shuga wachilengedwe alipo magalamu 10 kapena 11. Ulusi umene umathandiza m'mimba kuti munthu asadzimbidwe, umene achipatala amati faiba, ulipo pafupifupi magalamu 2, ndipo wambiri uli m'timatumba togawa chipatsocho ndi m'timaulusi toyera tija ana amakonda kuchotsa n'kutaya. Zomanga thupi sizifika galamu imodzi, mafuta ndi ngati mulibe. Choncho tinene poyera kuti manachesi sakhutitsa ndipo sakulitsa mwana. Ntchito imeneyo ndi ya nsima, nyemba, mtedza, mazira ndi mkaka.

Chuma chake chili m'tinthu tochepa kwambiri toyezedwa ndi mamiligalamu. Vitamini C alipo mamiligalamu pafupifupi 27. Mabungwe a WHO ndi FAO amati munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 45 pa tsiku, mayi woyembekezera 55, ndipo woyamwitsa 70. Ndiye kuti manachesi awiri apakati amakwaniritsa zofunika za bambo pa tsiku, atatu za mayi woyamwitsa, ndipo mwana wamng'ono mmodzi wamkulu amamufikitsa pafupi. Muli potaziyamu mamiligalamu oposa 160, mchere wa m'thupi umene umathandiza pa kuthamanga kwa magazi, kashiamu pang'ono, ndi foleti pang'ono. Mtundu wake wachikasu chofiirira umachokera ku chinthu chimene thupi limachisandutsa vitamini A, ndipo apa manachesi amaposa malalanje. Komabe sangafike pa mbatata yofiira mkati monga Zondeni kapena Kadyaubwerere. Ngakhale pa vitamini C yemweyo, lalanje lili naye pafupifupi kawiri, ndipo gwafa, amene timamuponda pansi m'miyezi ya Malichi ndi Epulo osamuwerengera, ali naye pafupifupi kasanu ndi katatu. Tikanati tiike zipatso pa mpikisano, manachesi sakanatenga chikho.

Kupambana kwake kuli pa nthawi imene amabwera. Taonani mbale ya m'mudzi mwezi wa Juni ndi Julaye. Mango anatha mu Januwale, magwafa atha, masuku ayamba cha mu Okutobala. Nkhwani, bonongwe ndi chisoso za m'munda zauma. Amene alibe dimba wayamba kumasula zikwatu za mfutso. Mfutso ndi ndiwo yabwino ndipo umasunga zambiri, koma vitamini C salimba ku dzuwa ndi ku moto. Kufutsa, kuyanika, kuphikanso, kuthira soda kapena chidulo mu therere, kutenthetsa ndiwo za dzulo, zonsezi zimamuononga. Ndipo thupi la munthu silipanga lokha vitamini ameneyu. Mbuzi zimene zimatola makoko pa msika wa Madisi zimapanga wawo m'chiwindi, ife ayi. Tiyenera kumudya, ndipo thupi silimusunga kwa nthawi yaitali. Pakatha mwezi umodzi mpaka itatu osamulandira, nkhama zimayamba kutupa ndi kutuluka magazi, zilonda zimachedwa kupola, munthu amangomva kutopa, chifukwa vitamini C ndiye amathandiza thupi kupanga ulimbo umene umagwira khungu, nkhama, mitsempha ya magazi ndi mafupa. Kale matendawa ankapha amalinyero ambiri pa maulendo aatali a panyanja. Mu 1747 dokotala wa ku Scotland, James Lind, anatenga odwala 12 m'sitima yotchedwa Salisbury, n'kuwagawa awiriawiri ndi kuwapatsa mankhwala osiyana. Awiri amene analandira malalanje ndi mandimu ndiwo anachira msanga, mmodzi n'kubwerera pa ntchito patangotha masiku 6.

Mwezi wa Juni ndi wa chimfine, ndipo ambiri amagula manachesi ngati mankhwala ake. Apa tisanamizane. Kafukufuku wochuluka wasonyeza kuti vitamini C saletsa munthu wamba kudwala chimfine. Amene amamulandira tsiku ndi tsiku angathe kuchira msanga pang'ono, basi. Wodwala adye ndithu, chifukwa madzi ake ndi kukoma kwake zimamuthandiza pamene chakudya china chikumukana. Koma phindu lalikulu la chipatsochi kwa anthu a ku Madisi lili pena, ndipo tinaliona bwino titakhala pa mphasa.

Banja limene linatilandira limakhala pang'ono kuchokera pa msewu, ulendo wa kabaza. Madzulo oyamba anatiikira nsima ya mgaiwa, nyemba zophika bwino, ndi mfutso wa khwanya wotendera. Chinali chakudya chabwino, cha mtundu umene timalimbikitsa kawirikawiri m'magazini ino. Dera lino ndi la nyemba, soya ndi mtedza, ndipo zonsezi zili ndi ayironi, mchere umene thupi limapangira magazi. Vuto ndi lakuti ayironi wa m'zomera ndi wouma mutu. Wa mu nyama thupi limamutenga mosavuta, koma wa mu nyemba ndi masamba amalowa m'magazi pang'ono chabe, wambiri amangodutsa. Chimanga, nyemba ndi soya zomwezo zili ndi chinthu china, makamaka m'gaga ndi m'makoko, chimene chimamanga ayironi m'matumbo kuti asalowe. Munthu angathe kudya nyemba masiku onse, magazi n'kukhalabe ochepa.

Vitamini C ndiye amamasula mfundo imeneyi. Akakumana ndi ayironi m'mimba pa chakudya chimodzi, amamusintha kukhala wa mtundu umene matumbo amatha kuutenga. Poyesa pa anthu, akatswiri apeza kuti kuonjezera vitamini C wochuluka ngati wa m'manachesi awiri pa chakudya cha zomera kungachititse ayironi wolowa m'thupi kuchuluka kawiri kapena kuposa. Koma pali lamulo limodzi: ziyenera kukumana. Nachesi wodyedwa pa msika m'mawa sathandiza nyemba za madzulo.

Apa ndi pamene chizolowezi chathu chimatilanda phindu. Kwathu kuno chipatso si mbali ya chakudya. Ndi cha panjira, cha m'basi, cha ana, cha wodwala ku chipatala. Bambo amagula mulu pa Madisi, amadya awiri ali pa njinga, otsalawo ana amalandirira kumpanda n'kumaliza asanalowe m'nyumba. Nsima ikamapsa palibe chatsala. Palibe chimene chalakwika pamenepo, vitamini walowabe m'thupi. Koma ntchito yake yachiwiri yatayika, ndipo amene amafunika ntchito imeneyo koposa, mayi wa pakhomo, nthawi zambiri sanalaweko n'komwe. Titapereka manachesi amene tinagula, mayi wa nyumba ija anayamba kugawira ana pomwepo. Tinapempha kuti asungidwe mpaka tisambe m'manja pambuyo pa nsima. Agogo aamuna anaseka.

"Zachizungu zimenezo, ana anga. Munthu wakhuta nsima afuniranji zina?"

Anadya awiri.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 mwa 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka zaka zisanu anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndipo mwa amayi a zaka 15 mpaka 49, mmodzi mwa atatu aliwonse. Mwana wochepa magazi amatopa msanga, sagwira bwino za m'kalasi, ndipo malungo akamupeza amamugwetsa msanga. Mayi wochepa magazi ali pa chiopsezo chachikulu tsiku lochira, chifukwa magazi ochepa amene angataye amakhala ochuluka kwa iye. N'chifukwa chake ku sikelo anamwino amayang'ana m'zikhatho ndi m'kati mwa chikope. Kwa mabanja ambiri a mpingo wathu amene anasiya nyama kapena amaidya mwa apo ndi apo, ayironi yense amachokera ku zomera, choncho kudya chipatso pamodzi ndi nyemba si mwambo wa pa tebulo chabe. Tili ndi mwayi umodzi. Tiyi ndi khofi zimamanga ayironi koopsa, moti kapu ya tiyi pa chakudya ingathe kuchepetsa ayironi wolowa m'thupi ndi theka kapena kuposa, ndipo ambiri a ife sitimwa. Anansi athu amene amamwa angachite bwino kusiya ola limodzi kapena awiri pakati pa tiyi ndi chakudya chachikulu.

Tisapitirire malire. Manachesi enieniwo alibe ayironi woti n'kumuwerengera, amangotsegulira khomo wa mu nyemba. Ndiponso kuchepa kwa magazi kuno sikuchokera ku chakudya chokha. Malungo amaphwanya magazi, njoka za m'mimba ndi likodzo zimawaba, ndipo ana ena anabadwa ndi matenda a magazi. Mayi woyembekezera amene walandira mapilitsi a ayironi ku sikelo amwe monga wauzidwira, ngakhale amamuchititsa nseru, ndipo angathe kumwera pamodzi ndi chipatso. Agone m'neti. Mwana amene zikhatho zayera, akupuma mofulumira kapena watupa mapazi apite ku chipatala tsiku lomwelo. Pa Madisi pomwepo pali chipatala cha mishoni ya Akatolika chimene chakhala chikuthandiza anthu a m'derali kwa zaka zambiri. Kumuchedwetsa mwana wotere ndi madzi a zipatso ndi kumuika m'manja mwa imfa.

Pa msika womwewo, pafupi ndi milu ya manachesi, pali mafiriji a zakumwa zotsekemera, ndipo nyengo ya ndalama ino amatsegulidwa kawirikawiri. Mwana akatsagana ndi bambo wake kogulitsa soya, mphoto yake ndi botolo ndi sikono. Sitikuweruza chikondi chimenecho, tonse tinakula tikulakalaka botolo la pa Khirisimasi. Koma botolo limodzi la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni ang'onoang'ono 7 kapena 8, ndipo mulibe china chilichonse. Kuti mupeze shuga wofanana ndi ameneyo muyenera kudya manachesi atatu akuluakulu, kusenda, kutafuna, kulavula nthangala, ndipo pofika wachitatu mimba yadzaza. Ulusi uja umachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Ichi n'chifukwa chake odwala matenda a shuga ambiri amaloledwa kudya chipatso chathunthu, chimodzi pa nthawi, koma osati kufinya zisanu m'kapu n'kugugudiza. Kufinya kumataya ulusi n'kusiya shuga. Amene ali ndi matenda a impso afunse adokotala awo chifukwa cha potaziyamu uja. Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe ngakhale dontho, bere lokha ndi lokwanira. Likapitirira pamenepo, chotsani nthangala ndi timatumba, n'kuphwanya zamkati ndi supuni kuti lisatsamwe. Ndipo popeza chipatsochi timachisenda ndi zala zomwezo zimene zikagwire chakudya, tsukani chipatso ndi manja omwe. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sunachoke m'mitima yathu.

Tsiku lachitatu tinabwerera ku Mponela n'kukhotera kum'mawa, msewu wa ku Ntchisi. Dziko limasintha msanga. Chidikha chimatha, msewu umayamba kukwera ndi kukhota, minda imapachikika m'mbali mwa zitunda, mphepo imazizira koposa. Kupitirira boma la Ntchisi kuli phiri la Ntchisi ndi nkhalango yake yotetezedwa, imodzi mwa nkhalango zochepa za mitengo ikuluikulu yosayoyola masamba zimene zatsala m'chigawo chapakati. Kukakhala kopanda nkhungu, mukaima pamwamba mumaona nyanja ikunyezimira kumunsi cha ku Nkhotakota. Kuno mvula imagwa yochulukirapo kuposa ku Madisi, ndipo pakhomo pambiri pali nthochi, mapeyala, mapichesi, mandimu, ndi apo ndi apo mtengo wa malalanje kapena wa manachesi.

Tinaima pakhomo pa bambo wina wachikulire amene anali ndi mitengo inayi kuseri kwa khola. Iwiri inali italiitali, yaminga, zipatso zili kunsonga kokha. Iwiri inali yaifupi, yotambalala, nthambi zitalemedwa mpaka kuzichirikiza ndi mphanda.

"Italiyo ndinadzala nthangala ndekha," anatero. "Ndinadikira mpaka mwana amene anabadwa chaka chimenecho anayamba sukulu. Ifupiyi ndi yomezanitsa, alangizi anabweretsa. Chaka chachitatu ndinalawa."

M'mawu ochepawo muli phunziro lonse la ulimi wa zipatsozi. Mtengo wochokera ku nthangala umatenga zaka 6, 7 kapena kuposa usanabereke. Womezanitsa, umene ena amati wokwatitsa, umakhala ndi mizu ya mandimu olimba aja a khungu lokhakhala, ndipo pamwamba pake amamezapo diso la mtengo wa manachesi wodziwika kuti umabereka bwino. Umayamba kubereka pa zaka zitatu kapena zinayi. Koma uli ndi malamulo ake. Mfundo ya pomezanitsa ikhale pamwamba pa dothi nthawi zonse. Mphukira iliyonse yotuluka pansi pa mfundoyo ndi ya mandimu, ndipo mukaileka imakula mwamphamvu n'kupha nachesi. Ambiri amene amadandaula kuti anagulitsidwa mbande yabodza, kuti manachesi awo anasanduka mandimu, anangolekerera mphukira imeneyi. Dzenje likhale lalikulu, lofika m'bondo kuya kwake ndi m'mimba mwake momwemo kapena kuposa, dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino. Mitengo italikirane mamita 5 kapena 6. Isadzalidwe pakati pa dambo, chifukwa mizu yake imaola madzi akaima. Udzu wophimbira ndi wabwino posunga chinyezi, koma usakhudze thunthu, kuopa chiswe ndi matenda otulutsa utomoni.

Bambo uja anationetsanso tsamba limene linali ndi timatuza ngati nthomba. Ndi ntchito ya kachirombo kakang'ono koyamwa masamba anthete, kamene kamakonda malo okwera ndi ozizira ngati amenewa. Timatuzato patokha si tovuta kwenikweni, koma kachiromboka kamafalitsa matenda amene amachititsa masamba kuchita mawanga achikasu, zipatso kukhala zazing'ono, zopotoka ndi zowawa. Mtengo ukagwidwa suchira, umafunika kuzulidwa kuti usapatsire inzake. N'chifukwa chake mbande siyenera kugulidwa kwa aliyense amene waima nazo pamsewu. Funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti akulozereni nazale yodalirika.

Kumusi ku Madisi mtengo umenewu ungathe kukula, ndipo mitengo iwiriiwiri ija anatchula mayi wa pamsika ndiwo umboni. Adani ake kumeneko ndi awiri, ludzu ndi mbuzi. Kuyambira Meyi mpaka Novembala mvula kulibe, ndipo mbande ya chaka choyamba imafuna ndowa ya madzi kawiri pa mlungu, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala. Kwa mayi amene amatunga pa mjigo wa kutali, ndowa ziwirizo si nkhani yamasewera, ndipo sitiyenera kulankhula ngati ndi zaulere. Chimene tinaona chikuthandiza ndi kudzala pafupi ndi potsukira mbale kapena kumene kumathera madzi a pa mjigo, kuti madzi amene akanatayika apite ku mtengo. Mitengo iwiri yosamalidwa iposa khumi yosiyidwa. Dera limene latha mitengo yambiri pomanga zigafa, ndipo lili ndi anthu odziwa kufesa nazale ya fodya ndi kuithirira m'mawa ndi madzulo mwezi wa Okutobala, silingalephere luso losamala mbande ziwiri.

Malangizo a zakudya a m'dziko muno amatchula magulu 6, ndipo zipatso ndi gulu palokha. WHO imati munthu adye zipatso ndi ndiwo zamasamba zosachepera magalamu 400 pa tsiku. Palibe banja la m'mudzi limene lingakwanitse zimenezi pogula milu yochokera ku Mwanza chaka chonse, ndipo manachesi enieniwo pofika Ogasiti amayamba kusowa. Pamenepo ntchito yotsagana ndi nyemba imagwera ena: papaya, tomato wosaphika wa kudimba, ndimu wofinyira pa ndiwo zitaphulidwa kale pamoto, ufa wa malambe wothira m'phala litazizirako. Kenako masuku, kenako mango, kenako magwafa, mpaka chaka chizungulire.

Tisanatsike phiri, bambo uja anatitengera kumunsi kwa munda kumene anali atakumba kale maenje awiri, ngakhale mvula inali idakali miyezi isanu kutsogolo. Amakumba nthawi ya chilimwe, anatero, kuti manyowa aolerane ndi dothi, ndipo amadzala mvula ikakhazikika mu Disembala. Pambali pake anali ataunjika nthambi za mthethe zotchingira mbuzi. Maenjewo ndi a mwana wake wamkazi, amene anakwatiwa cha ku Madisi ndipo akuyembekezera mwana wachiwiri. Mbande zikagwira, imodzi adzaizula ndi dothi lake n'kuitsitsira kumeneko pa njinga.